Nyumba zakale za nthawi ya tsankho: zigwetsedwe kapena zisungidwe?

Bambo a Tadala:
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Loweruka. Ndinatenga mwana wanga wamkazi wa zaka 13 kupita naye ku Workers' Museum, ku Newtown kuno ku Johannesburg. Kwa amene simunafikeko, ndi komponi yakale imene inamangidwa mu 1913 kuti muzigona amuna akuda ogwira ntchito za khonsolo ya mzinda. Mukalowa m'chipinda mumapeza mabedi a simenti atandandalikidwa kukhoma, munthu aliyense kadanga kake kongokwana thupi, ndipo pamwamba pali thandala la matabwa pomwe ankagonapo ena. Palinso kachipinda kotsekeramo olakwa. Mukatuluka, pafupi pomwepo, pali nyumba zomwe munkakhala azungu ogwira ntchito pamalopo, nyumba zenizeni zoti munthu n'kukhalamo ndi mkazi ndi ana.

Mwana wanga anagoneka dzanja pasimenti paja n'kulichotsa msanga chifukwa cha kuzizira. Kenako anandifunsa kuti, "Adadi, agogo aamuna aja ankagonanso pamalo ngati pano?" Ndinasowa chonena. Agogo anga anagwira ntchito kumigodi zaka zambiri, ndipo atabwerera ankasimba za sitima, za nyimbo za m'komponi, za chikepe chotsikira pansi. Za pogona sanatchulepo n'kamodzi komwe.

Lolemba ndinafotokozera mnzanga wa kuntchito, wobadwira ku Soweto. Anapukusa mutu. Akuti nyumba zonse zoterezi zikanagwetsedwa mu 1994 momwemo, pamene ulamuliro wa tsankho unatha, chifukwa mayi ake mpaka lero amazungulira njira ina kuti asadutse pafupi ndi ofesi yomwe ankadinditsa chitupa, chiphaso chimene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nacho. Ine mtima wanga ukuti zisungidwe, koma sindinathe kumuyankha. Inu mukuona bwanji?

Chisomo wa Kumpoto:
Ine ndili mbali ya mnzanuyo, achimwene. Bala silipola ngati ukulikanda tsiku ndi tsiku. Amene anavutika m'nyumba zimenezi safunika kukumbutsidwa, anazisenza kale m'thupi. Ndiye tikusungira ndani? Alendo a makamera?

Komanso pali ngozi ina. Nyumba ikatsala, okonda zakalezo amaisandutsa kachisi. Ku Orania, ku Northern Cape, nyumba imene munkakhala mkazi wamasiye wa Hendrik Verwoerd, nduna yaikulu imene inakhwimitsa tsankho, anaisandutsa malo osungiramo zinthu za mwamunayo, ndipo paphiri pamwamba pa tauniyo pali ziboliboli za atsogoleri akale achibunu. Anthu ambiri amene amapita kumeneko sapitira kukalira. N'chifukwa chake ku Berlin, Rudolf Hess, yemwe anali wachiwiri kwa Hitler, atangomwalira mu 1987, ndende ya Spandau yomwe ankasungidwamo anaigumula yonse kuti otsatira a Hitler asapeze pokagwada. Anachita bwino.

NaBanda:
Ndikuwerenga. Ndikatsika basi ndilemba, ndili ndi zambiri.

Mphunzitsi Wopuma:
Zikomo Bambo a Tadala potibweretsera nkhaniyi, ndipo mwachita bwino kupita ndi mwana.

A Chisomo, mundilole ndikukumbutseni kuti katswiri wogwetsa nyumba ku South Africa anali boma la tsankho lomwelo. Pa 9 February 1955 apolisi anafika ku Sophiatown, dera la ku Johannesburg, m'mamawa n'kuyamba kukweza anthu m'malole kupita nawo ku Meadowlands. Nyumba zawo anazisalaza, pamalopo n'kumangapo za azungu, dzina n'kulisintha kukhala Triomf, kutanthauza chipambano. Dzina la Sophiatown linadzabwerera mu 2006. Ku Cape Town, District Six inalengezedwa kuti ndi ya azungu pa 11 February 1966, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa. Amene ankachita zimenezi ankadziwa kuti malo akafafanizika, mwana wobadwa mawa sangakhulupirire kuti panali mudzi.

Chinapulumutsa mbiri ya District Six n'chiyani? Matchalitchi ndi mizikiti zochepa zomwe zinatsala, komanso zikwangwani za mayina a misewu. Kapitawo wina amene anauzidwa kuti akazitaye m'nyanja anazisunga mobisa zaka zambiri. Lero zapachikidwa m'tchalitchi chakale cha Methodist chomwe chinakhala District Six Museum mu 1994. Pansi anajambulapo mapu a dera lonselo, ndipo eni ake amabwera, amagwada, n'kulemba dzina la banja lawo pamene panali nyumba yawo.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya Ahmed Timol. Anali mphunzitsi ngati ine, wa zaka 29. Mu October 1971 anagwa kuchokera pansanjika ya nambala 10 ya polisi ya John Vorster Square ku Johannesburg, ndipo bwalo la nthawi imeneyo linati anadzipha. Banja lake linakana zaka zoposa 40. Mlanduwo utatsegulidwanso mu 2017, woweruza Billy Mothle anapita yekha kunyumbayo ndi maloya, anakwera, anaona chipindacho, zenera lake ndi makwerero omwe mboni zinkanena. Chigamulo chinatuluka chakuti Timol anachita kuphedwa. Nyumba ija ikanakhala kuti inagwetsedwa mu 1994, woweruzayo akanakaima pati?

Chisomo wa Kumpoto:
Aphunzitsi, za Timol ndazimva ndipo sindingatsutse. Koma taonani, nyumba imeneyo mpaka pano ndi polisi, anangoisintha dzina kukhala Johannesburg Central. Munthu amene anamenyedwa m'menemo mu 1976, lero akaberedwa foni akuyenera kukalowa pakhomo lomwelo kukadandaula. Zimenezo mukuziona bwanji?

Mphunzitsi Wopuma:
N'zowawa, mwanawe, ndipo sindikubisa. Ine ndikanakonda nsanjika yapamwambayo ikanapatulidwa, osagwiritsidwanso ntchito za tsiku ndi tsiku. Koma kuwawa kwa khomo limenelo si chifukwa chotayira umboni.

NaBanda:
Ndafika. Ine ndimakhala mbali ya Cape Town ndipo ndikufuna ndilankhulire anthu amoyo, chifukwa nkhani ngati izi zikayamba, akufa ndi amene amapeza owalankhulira ambiri.

Pafupi ndi Strand pali malo otchedwa Lwandle. Anawakhazikitsa mu 1958 kuti azigonako amuna okhaokha pafupifupi 500 ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'minda ya zipatso. Akazi ndi ana sankaloledwa. Zimbudzi zinali za ndowa. Ufulu utabwera, mahositelo aja anawakonza kukhala nyumba za mabanja, koma anasiya imodzi, Hostel 33, kuti ikhale chikumbutso. Vuto linali lakuti m'menemo munali mukukhalabe anthu. Pamene malo osungiramo mbiriwo ankatsegulidwa m'chaka cha 2000, anthuwo anamata kalata pachitseko yonena kuti sakuvomereza chipinda chawo chikhale choonetsa alendo asanapatsidwe pokhala. Tangoganizani, mayi akuphika, mwana ali kumbuyo, ndiye kukubwera anthu kudzaona "mmene ankavutikira kale". Kale lake liti? Patapita nthawi anawapezera malo ena, ndipo m'pamene hositeloyo inakhaladi chikumbutso.

Ku Gqeberha, kumene kale tinkati Port Elizabeth, kunali zoposa pamenepo. Red Location Museum inatsegulidwa mu 2006, nyumba yokongola yomwe inapata mphoto za kamangidwe. Mu 2013 anthu oyandikana nayo anaitseka. Madandaulo awo anali akuti boma lamangira akufa nyumba yabwino pamene iwo akukhala m'zisakasa ndi m'nyumba zodontha. Ndani angawadzudzule?

Ndiye ine sindikuti gwetsani. Ndikuti musanathire utoto pakhoma la komponi yakale, funsani kaye amene akugona kuseri kwa khomalo.

Jere Mmisiri:
Achemwali anena zoona, ndipo ndiwonjezere monga munthu wogwira chipande ndi simenti. Anthu ambiri akamati "isungidwe" amaganiza kuti ndi kungoisiya osaikhudza. Iyayi. Nyumba yakale imadya ndalama ngati wodwala. Denga likangoyamba kudontha, madzi amalowa m'khoma, pulasitala amafufuma, mitanda imaola, chiswe n'kumalizitsa. Zaka 10 zokha zopanda woisamala, nyumba yatha. Ku South Africa kuli lamulo la 1999 loti nyumba yoposa zaka 60 sungaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo. Lamulo labwino, koma mwini nyumba wochenjera safunsa chilolezo. Amangochotsa mlonda, akuba n'kudzazula mawindo ndi malata, mvula n'kugwira ntchito yotsalayo. Kenako amabwera n'kunena kuti nyumbayi yakhala yoopsa, igwe basi.

Chimene ndinachikonda ine ndi cha ku Constitution Hill, ku Johannesburg. Paja panali ndende, Old Fort ya azungu ndi Number Four ya amuna akuda, kumene anthu ankavulidwa pabwalo n'kuwalumphitsa amaliseche pofufuza zobisa. Gandhi anatsekeredwapo m'ndende imeneyi, Mandela nayenso. Inatsekedwa mu 1983. Atasankha kuti khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko limangidwe pomwepo, nyumba yosungira oyembekezera kuzengedwa milandu anaigwetsa, koma njerwa zake anazitola n'kumangira khoma la m'khoti latsopanolo, lomwe linatsegulidwa mu 2004. Makwerero a nyumba yakaleyo anawasiya ali chiimire. Number Four anaisiya momwe inalili, zitseko zachitsulo zomwe akaidi ankazokotapo mayina zikadalipo. Ndipo kumbuyo kwa oweruza anaika kazenera kakatali kolingana ndi msewu wa panja, kotero kuti m'khotimo mumangooneka miyendo ya odutsa, osadziwa kuti ndi ndani.

Njerwa yakale yoti yamangidwapo kale ndi yovuta, uyenera kuipala matope akale imodziimodzi. Amene anagwira ntchito imeneyo ndimawavulira chipewa.

Bambo a Tadala:
A Jere, za njerwazo sindinkazidziwa, chikhalirecho ndimadutsa pamenepo pafupipafupi.

Mayi a Mapasa:
Moni nonse, kuno kukadali m'mawa. Ndimakhala ku Virginia ndipo nkhani yomweyi kuno ndi yotentha.

Pafupi ndi nyumba ya James Madison, pulezidenti wachinayi wa America, pali kasiteshoni ka sitima kotchedwa Montpelier, komangidwa mu 1910. Atakakonza n'kukatsegulanso mu 2010, anabwezeretsa zikwangwani ziwiri pamakomo: lina White, lina Colored. Ndinapitako ndi amuna anga. Tinaima panja kanthawi, chifukwa mwendo umachita kukana wokha. Tinalowa khomo la Colored. Chipinda chake n'chaching'ono poyerekeza ndi chinacho, ndipo wogulitsa matikiti anali mmodzi pakati, zenera lina uku lina uku. Khoti lalikulu la dziko lino linagamula mu 1896, pamlandu wa Plessy, kuti kulekanitsa mitundu n'kololedwa bola zinthu zikhale zofanana. Ukaima m'zipinda ziwirizo, bodza la mawu akuti zofanana umaliyeza ndi mapazi ako. Buku silingakupatse zimenezo.

Koma ndikufuna ndisiyanitse zinthu ziwiri zimene tikuziphatikiza. Pali nyumba zomwe anamanga opondereza, ndiye pali zomwe anamanga oponderezedwa chifukwa anatsekeredwa kunja. Kum'mwera kwa dziko lino kunali masukulu a Rosenwald, pafupifupi 5,000 m'zigawo 15, omwe anamangidwa kufikira mu 1932. Maganizowo anachokera kwa Booker T. Washington, mtsogoleri wakuda pa zamaphunziro, ndipo Julius Rosenwald, mkulu wa kampani ya Sears, ankathandiza ndi ndalama pokhapokha anthu a m'deralo atasonkha zawo. Makolo osauka, ena ana a akapolo, anapereka malo, matabwa, thukuta, ndipo ndalama zomwe anasonkha onse pamodzi zinaposa za Rosenwald mwiniyo. Masukuluwo anali ndi mawindo aataliatali chifukwa kunalibe magetsi. John Lewis, womenyera ufulu wa anthu akuda, ndi Maya Angelou, mlembi wotchuka, anaphunzira m'masukulu otere. Khoti litathetsa tsankho la m'masukulu mu 1954, ambiri anatsekedwa n'kusiyidwa, ndipo amene atsala ndi pafupifupi imodzi pa 10 iliyonse.

Masukulu amenewa ndi a nthawi ya tsankho, inde. Koma agogo amene anaphunziramo ndi amene akuyenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama zokonzera denga. A Chisomo, amenewanso agwe?

Chisomo wa Kumpoto:
Ayi amayi, amenewo asagwe. Imeneyo ndi ntchito ya manja a makolo. Ine ndikunena za ndende, maofesi a zitupa, ndi zikwangwani zanu za White ndi Colored zija. Kubwezeretsa chikwangwani chimene anthu anafera kuti chitsike, ine sizikundilowa. Mwana wakuda wa zaka 7 akafika pamenepo n'kuwerenga, mumtima mwake mumalowa chiyani?

Ndipo popeza mwatchula za ku America, tanenani za Jacqueline Smith. Ankakhala ndi kugwira ntchito ku Lorraine Motel ku Memphis, pamene Martin Luther King anawomberedwa pa 4 April 1968. Mu 1988 Jacqueline anamutulutsa mokakamiza kuti malowo akhale osungiramo mbiri. Mayiyo anakakhala tsidya lina la msewu ndi zikwangwani zake kwa zaka makumi angapo, akunena kuti King akanafuna malowo athandize osauka. Ndi nkhani ya NaBanda yomwe ija. Wosauka amachotsedwa kawiri, koyamba ndi tsankho, kachiwiri ndi okumbukira tsankho.

Mayi a Mapasa:
Za mwanayo ndingayankhe chifukwa anga ndinapita nawo ulendo wachiwiri. Mmodzi analira, winayo anakwiya n'kufunsa mafunso njira yonse yobwerera. Sindinganene kuti sizinawapweteke. Koma kuno mwana wakuda adzakumana nazo ndithu, ndipo ndinasankha kuti akumane nazo koyamba nditamugwira dzanja.

Za Jacqueline Smith ndikuvomera. Ali ndi mfundo ndipo ulemu wake ndimamupatsa.

Gondwe:
Koma abale, zonsezi n'zakale. Bwanji osangoyang'ana kutsogolo? Pamalo amenewa pamangidwe mashopu anthu apeze ntchito. Mbiri sidyedwa.

NaBanda:
A Gondwe, mashopu amenewo adzakhala a ndani? Pitani mukaone District Six. Zaka zonsezi chithere tsankho, mbali yaikulu ikadali thengo ndipo ambiri amene anapempha kubwerera amwalira akudikira. Kugwetsa sikunadyetsepo wosauka.

Gondwe:
Ndiye inu mwasintha mbali? Poyamba paja mumati amoyo kaye.

NaBanda:
Sindinasinthe. Amoyo kaye, ndipo amoyo ake ndi eni nkhaniyo, osati wamalonda amene waona malo a bwerera pakati pa tauni.

Woyang'anira Gulu:
Tiyeni tipitirize mwaulemu monga tayambira. A Gondwe, funso lanu lamveka ndipo layankhidwa.

Jere Mmisiri:
Ndibwerere pa zomwe ndinanena za mvula, chifukwa Mayi a Mapasa andikumbutsa chitsanzo. Ku Money, m'chigawo cha Mississippi, kuli sitolo ya Bryant, pamene Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 wochokera ku Chicago, analowa mu August 1955. Anamunena kuti wachita chipongwe kwa mayi wachizungu, ndipo patapita masiku ochepa anamugwira usiku n'kumupha mwankhanza. Omuphawo anamasulidwa ndi gulu la azungu okhaokha lomwe linkagamula mlanduwo. Sitoloyo palibe anaigwetsa. Inangosiyidwa. Denga linagwa, makoma akugumuka, zomera zayanga ponseponse. Eni ake a masiku ano ndi a banja la mmodzi wa anthu amene anamasula akupha aja. Mu 2023 boma la America linaika khoti la ku Sumner, momwe munazengedwera mlanduwo, m'gulu la malo otetezedwa, pamodzi ndi malo a m'mbali mwa mtsinje ndi tchalitchi cha ku Chicago chomwe munachitikira maliro. Sitoloyo mulibemo.

Ndiye a Chisomo, taonani amene akusangalala nyumba imeneyo ikamagwa.

Chisomo wa Kumpoto:
Imeneyo yandilasa, a Jere. Ndivomere.

Koma mfundo yanga ya kachisi ija palibe amene waiyankha.

Mphunzitsi Wopuma:
Ndiyese ine. Nyumba ya ku Orania ndi ndende ya ku Robben Island zonse zasungidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kiyi ali ndi ndani, ndipo amene amakulandira pakhomo n'kuyamba kusimba ndi ndani. Ku Robben Island, kumene Mandela anakhalako zaka 18, amene amayendetsa alendo m'ndendemo ndi anthu oti anamangidwapo momwemo. Amakuonetsa chikwangwani cha chakudya, pomwe mkaidi wakuda ankalandira zochepa kuposa mmwenye ndi mkaladi, ndipo amakuuza kuti akuda ankavekedwa makabudula ngati ana pamene anzawo ankavala mathalauza. Munthu wokonda tsankho sangapeze pogwada pamenepo, chifukwa amene akumulankhula ndi yemwe ankafuna kumufafaniza.

Mayi a Mapasa angandikonze ngati ndalakwitsa, koma ku Fort Worth, ku Texas, kuli chinyumba chomwe a Ku Klux Klan, gulu la azungu atsankho, anamanga m'zaka za m'ma 1920 kuti azisonkhaniramo. Chinatsala pang'ono kugwetsedwa. Magulu a anthu omwe a Klan ankadana nawo anagwirizana n'kuchigula, ndipo akuchikonza kuti chikhale malo a zaluso otchedwa dzina la Fred Rouse, munthu wakuda amene anaphedwa ndi gulu la azungu mumzindawo mu 1921. Mdzukulu wake ali nawo pantchitoyo.

Pamene palibe wotenga kiyi mwa njira imeneyi, pamene nyumba ilibe umboni uliwonse koma ulemerero wa wopondereza, monga Spandau, ine sindingalire itagwa. Pamenepo tili limodzi, a Chisomo.

Mayi a Mapasa:
Simunalakwitse, aphunzitsi.

Chisomo wa Kumpoto:
Chabwino. Ndende ndi makomponi zikhale, ngati osimba ndi eni ake. Koma zikwangwani zobwezeretsa zija ndikukanabe, ndipo mayi a mnzawo wa Bambo a Tadala aja, amene amazungulira njira, palibe watiuza chowauza. Akaidi a ku Robben Island nawonso akukalamba. Akadzatha, kiyi adzatsala ndi ndani?

NaBanda:
Funso limenelo ndi lomwe limandiopsa inenso.

Bambo a Tadala:
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Lero pa nthawi ya nkhomaliro ndinamuonetsa mnzanga uja zimene mwalemba. Za Timol anakhala chete nthawi yaitali. Ndinamupempha kuti tidzapitire limodzi ku Newtown, wakana, ndipo sindinamukakamize. Akuti mayi ake ali moyo iye sangaponde malo otero. Koma anandipempha chithunzi cha mabedi a simenti aja, akuti akawaonetse amalume ake amene anakhalapo m'hositelo.

A Chisomo, chowauza mayi aja ndilibe. Ngati akuzungulira njira, azungulire, ufulu umenewo anaugula modula. Ine ndikungodziwa kuti ndikanapanda kuona dzanja la mwana wanga likuthawa simenti ija, sindikanadziwa kuti pali chimene agogo anatibisira. Atsala ndi azakhali amodzi okha amene anali wamkulu pamene agogo ankabwerako. Lamlungu ndiwaimbira foni, ndipo Tadala wati iye ndi amene azifunsa mafunso, ine ndizingojambula mawu.

Mphunzitsi Wopuma:
Muwafunse dzina la mgodi ndi zaka zake, ngati akukumbukira. Muwafunsenso ngati chitupa cha agogo chikadalipo. Ambiri ankachisunga pansi pa sutikesi, chokulungidwa m'kansalu.